Musaseke filimu yosalankhula, vuto lili pa kope lomwe mukuonera

Chaka chilichonse ndikaonetsa ophunzira anga filimu yosalankhula, sipalephera wina woseka, ati anthuwo akuthamanga ngati nkhuku zaona kabawi. Zimenezi zanditopetsa. Mafilimu ambiri a m'ma 1910 ankajambulidwa pa zithunzi pafupifupi 16 kapena 18 pa sekondi, wojambula akupukusa kamera ndi dzanja. Mukaionetsa pa 24, liwiro lomwe linadza ndi mafilimu olankhula, mayi wosweka mtima amaoneka ngati akuvina.

Imandipweteka kwambiri ikamasekedwa ndi The Cheat ya Cecil B. DeMille, ya 1915. Edith, mkazi wa wogulitsa masheya, anamusungitsa madola 10,000 a Red Cross. Iye anaziponya zonse pa masheya mwakabisira, zinapita ngati madzi. Poopa manyazi anakakongola kwa Tori, Mjapani yemwe anali mpondamatiki wa minyanga ya njovu, polonjeza kuti adzadzipereka kwa iye. Malonda a mwamuna wake atayenda bwino, anapita kukabweza ndalamazo. Tori anakana, n'kumuotcha paphewa ndi chidindo chomwe amadinda pa katundu wake. Edith anamuombera. Mwamuna wake, Richard, ndi amene anavomera mlandu kuti mkaziyo asanjatidwe, mpaka Edith anavundukula phewa m'khoti anthu onse akuona.

Tayang'anitsitsani nkhope ya Sessue Hayakawa, yemwe anasewera ngati Tori, pamene akutenthetsa chidindocho. Sagwedeza manja ngati wasewero la papulatifomu, maso okha ndi amene amayenda. Ataomberedwa, chithunzithunzi chake chimatsetsereka pachitseko cha pepala, magazi akudontha. Zonsezi zimafa filimu ikathamangitsidwa. Sindikuiyeretsa filimuyi ayi: inanyoza Ajapani, iwo anadandaula, ndipo mu 1918 anangosintha mawu olembedwa mufilimumo kuti Tori ndi wa ku Burma, dzina lake Haka Arakau. Tsankho lake linatsala pomwepo.

Tsono chenjerani ndi akatswiri abodza a pa YouTube omwe amapaka mafilimuwa utoto ndi kompyuta, kusalaza nkhope ndi kuonjezera zithunzi zomwe kamera sinajambule, n'kumati akonza. Mdima umene DeMille anauika dala iwo amauchotsa ngati litsiro. Mwaona za iwowo, simunaone filimu.

Ndipo zotsala n'zochepa. Lipoti la 2013 la Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, linati mafilimu 70 pa 100 alionse aatali osalankhula a ku America anatayikiratu. Ambiri anapsa, monga pa moto wa mu 1937 pa nkhokwe ya kampani ya mafilimu ya Fox ku New Jersey. Filimu ya nitrate, mtundu wa pulasitiki womwe ankajambulapo mafilimu akalewa, ikakalamba imayamba kumata, kenako imasanduka ufa wofiirira, ndipo ikayaka ngakhale madzi saizimitsa. Ngati mwapeza chitini cha filimu yakale m'bokosi la agogo, musachiike padzuwa, musayese kuionetsa nokha, ndipo musati mudzaona mawa. Chitengereni kosungira zakale sabata yomweyo.