Liwu loti liberal: kuchoka kwa mfulu wa ku Roma kufika ku Cádiz

Pa 28 Epulo 2025 chipani cha Liberal ku Canada chinapambana chisankho, Mark Carney n'kukhalabe nduna yaikulu. Patangodutsa masiku asanu, chipani cha Liberal ku Australia chinagwa chagada, mtsogoleri wake Peter Dutton n'kutaya ndi mpando womwe wa ku nyumba ya malamulo. Womva pa wailesi akanayesa kuti zipanizi ndi pachibale. Ayi ndithu. Cha ku Canada chimafuna boma lolowerera pothandiza anthu, pomwe cha ku Australia, chimene Robert Menzies anayambitsa mu 1944, ndi cha osunga mwambo ndi eni malonda. Ku America nako, ena akakutcha liberal ndiye kuti akutukwana.

Gwero lake ndi liwu la Chilatini loti liber, kutanthauza mfulu, munthu amene si kapolo. Liberalis chinali chilichonse choyenera mfulu: maphunziro monga galamala, masamu ndi nyimbo, komanso kupatsa. Apa ife sitingadabwe, pakuti nafenso timati wapereka mwaufulu. Kwa zaka mazanamazana liwuli linkanena za mtima wa munthu, osati za chipani.

Akatswiri a mbiri sagwirizana kuti linalowa liti m'ndale. Ena amaloza kwa Adam Smith, katswiri wa zachuma wa ku Scotland, amene mu 1776 analigwiritsa ntchito ponena za malonda osatsekereza. Ena amati Napoleon anatchulapo maganizo a liberal polanda boma mu 1799, ndipo ena amatchula Sweden wa 1809. Onsewa ali ndi mfundo, koma pamenepo liwuli linkangofotokoza maganizo. Kumene ndimaona kuti linakhala dzina la anthu, loti munthu n'kumangidwa nalo, ndi ku Cádiz ku Spain.

Mu 1810 asilikali a Napoleon anali atalanda pafupifupi dziko lonselo, mfumu Ferdinand VII ili m'manja mwawo ku France. Cádiz, mzinda wa pakachidutswa ka mtunda kolowa m'nyanja, sunagonje, ndipo unazingidwa kuyambira Febuluwale 1810 mpaka Ogasiti 1812. Aphungu anayamba kukumana pa 24 Sepitembala 1810 ku Isla de León, pafupi ndi Cádiz, kenaka n'kusamukira m'tchalitchi cha San Felipe Neri mumzindamo, mizinga ikulira kutsidya. Tsiku loyamba lomwelo wansembe Diego Muñoz Torrero anaimirira n'kunena kuti ulamuliro ndi wa mtundu wonse, osati wa mfumu. Wansembe, mumve bwino, osati munthu wodana ndi mpingo.

Mkangano unakula pa nkhani ya ufulu wosindikiza, umene unavomerezedwa pa 10 Novembala 1810. Ofuna ufuluwu, motsogoleredwa ndi Agustín de Argüelles, anayamba kutchedwa liberales. Iwo anawapatsa otsutsa dzina loti serviles, lochokera ku servus, kapolo. Mfulu ndi kapolo, monga ku Roma kuja. Dzinali linali lachipongwe, ndipo sitinganene kuti onse olitchedwa analidi ogwadira mfumu. Ambiri ankaopa kuti zimene zinachitika ku France mu 1793, mfumu itadulidwa mutu, zibwera kwawo.

Malamulo a dziko analengezedwa pa 19 Malichi 1812, tsiku la Yosefe Woyera, n'chifukwa chake anthu anawatcha La Pepa, pakuti ku Spain Pepa ndi dzina loitanira Josefa, dzina lachikazi la Yosefe. Anali ndi ndime 384. Anachepetsa mphamvu za mfumu, koma ndime 12 inati chipembedzo ndi Chikatolika chokha, ndipo ndime 22 inatsekera kunja kwa unzika anthu a magazi a ku Africa, kupatula ochepa opatsidwa mwapadera. Argüelles anapempha mu 1811 kuti malonda a akapolo athe, koma eni minda ya ku Cuba anakana, nkhani n'kuzizira. Ufulu wa amfuluwa unali ndi mpanda.

Ferdinand atabwerera anafafaniza zonse pa 4 Meyi 1814, ndipo Argüelles anakaponyedwa m'ndende ku Ceuta, mzinda wa Spain pagombe la kumpoto kwa Africa. Mu 1820 msilikali Rafael del Riego anaukira n'kubwezeretsa La Pepa kwa zaka zitatu, mpaka France inatumiza gulu lankhondo. Riego anapachikidwa ku Madrid pa 7 Novembala 1823.

Ku Britain a Tory, chipani cha osunga mwambo, ankalitchula liwuli m'Chisipanishi dala, kuti adani awo aoneke ngati otengera zachilendo. Otukwanidwawo analilandira, ndipo mu 1859 linakhala dzina la chipani. Ku America pulezidenti Franklin Roosevelt analitenga m'zaka za m'ma 1930 kuti litanthauze boma lothandiza osauka, Herbert Hoover, amene anali pulezidenti Roosevelt asanalowe, akudandaula kuti liberal weniweni ndi iyeyo, wofuna boma losalowerera. Mkangano wa awiriwa ndi womwe unkasiyanitsa Carney ndi Dutton mu 2025.