Mafizo ndi ubongo wa munthu wodwala fibromyalgia

M'zipatala za kuno ku Chigwa cha Shire timalandira amayi amene buku lawo la kuchipatala ladzaza ndi nkhani imodzimodzi: kuphwanya kwa thupi lonse, kuyezedwa malungo koma osapezeka, kenako panado. Ena mwa iwo ali ndi matenda a fibromyalgia, omwe amadziwika ndi ululu wa mbali zonse za thupi wopitirira miyezi itatu, kutopa, tulo tosakhutitsa ndi kuiwalaiwala. Matendawa amagwira anthu pafupifupi awiri pa 100 alionse, makamaka akazi, ndipo kumudzi amangoti ndi nyamakazi, ngakhale kuti mfundo za mafupa sizitupa ndipo magazi saonetsa kanthu.

Vuto lagona pa mmene mitsempha ya mu msana ndi ubongo zimalandirira uthenga. Mu 2002, Richard Gracely ndi anzake ku America anapanikiza chikhadabo cha chala chachikulu cha dzanja cha odwala ndi cha anthu abwinobwino kwinaku akujambula ubongo ndi makina a MRI. Kwa odwala, pafupifupi theka la mphamvu imene inafunika kwa anthu abwinobwino linali lokwanira kudzutsa zigawo za ubongo zomva ululu. Choncho amene amati wodwalayu akunamizira pothawa khasu akulakwitsa. Ubongo uli ndi njira yakeyake yotontholetsera ululu, yotsikira mu msana mothandizidwa ndi serotonin ndi noradrenaline, michere ya m'thupi yonyamula uthenga pakati pa mitsempha, ndipo pa matendawa njirayi imafooka.

Apa ndi pamene mafizo amalowera. Mu 2017, bungwe la EULAR la madokotala a nyamakazi ku Ulaya litaunika mitundu yonse ya thandizo, linavomereza mwamphamvu mtundu umodzi wokha, womwe ndi kulimbitsa thupi. Kuyenda kwa muyeso, kobwerezedwa masabata ambiri, kumazoloweretsa ubongo kuti kugwedezeka kwa thupi si ngozi, kumakonza tulo, ndipo ululu umatsika pang'onopang'ono.

Funso limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti, "Adokotala, ine ndimalima kudimba, ndimatunga madzi pamjigo, ndiye ndiziyendanso chabe?" Ndimayankha kuti, "Mayi, tsiku limene mwadzuka bwino mumalima mpaka dzuwa litafika paliwombo, kenako mumagona masiku atatu." Kugwira ntchito kotereku kumatsimikizira ubongo kuti ukulondola pochita mantha. Timayamba ndi kuyenda mphindi 5 kapena 10, tsiku labwino ndi loipa lomwe, n'kumawonjezera pang'ono sabata iliyonse. Ku Ngabu ndi ku Nsanje, kumene kutentha kumadutsa madigiri 40 mu Okutobala, nthawi yake ndi m'bandakucha. Kuchitira mafizo m'madzi ofunda kumathandizanso, koma sindingatumize munthu mu Shire muli ng'ona, kapena m'madambo a likodzo.

Uphungu wa CBT, wophunzitsa munthu kusintha mmene amaganizira za ululu wake, nawonso umasiya chizindikiro. Ku Sweden mu 2012, odwala amene anaulandira kwa masabata 12 anaonetsa kuti chigawo cha kutsogolo kwa ubongo, choweruza ndi kulamulira mantha, chinayamba kugwira ntchito kwambiri ululu ukabwera. Ululuwo sunachoke, koma anthuwo anayamba kuupirira bwino. N'chifukwa chake wodwala akabweranso sindiyamba ndi kufunsa ngati kuwawa kwatha. Ndimafunsa kuti wagona maola angati ndipo wayenda masiku angati sabatayo.