Kutenga madzi a pamsana sikupha munthu

M'mawodi a zipatala za Dedza ndi Ntcheu, abale ena amakana dokotala akapempha kutenga madzi a pamsana. Amati singano imabaya mtsempha, wodwala n'kulumala kapena kumwalira. Si zoona, ndipo kukanako kumatayitsa nthawi yofunika.

Madokotala amati lumbar puncture. Wodwala amagona chammbali atapinda mawondo, singano yopyapyala n'kulowa pakati pa mafupa a m'chiuno otchedwa L3 ndi L4, kapena L4 ndi L5. Mwa munthu wamkulu, chingwe cha minyewa chochokera ku ubongo chimathera pamwamba, cha pa L1 kapena L2. Singano siifikako.

Madziwo, otchedwa CSF, amazungulira ubongo ndi chingwe chija; alipo pafupifupi mamililita 150, ndipo thupi limapanga olowa m'malo pafupifupi mamililita 500 tsiku lililonse. Poyeza amatengako ochepa chabe.

Nanga omwalira aja? Nthawi zambiri amafika matenda oumitsa khosi atakula kale. Madziwo ndiwo amaonetsa ngati ndi bakiteriya, TB kapena cryptococcus (kachilombo ka mtundu wa bowa), mankhwala ake n'kudziwika. Pa cryptococcus, kuchotsako madzi kumachepetsa kupanikizika m'mutu.

Akatengedwa madziwo, ena mutu umawapweteka akadzuka, n'kuleka pakapita masiku ochepa. Ukapitirira, auzeni anamwino.