"Thupi lonse likuphwanya" si yankho: lembani ululu wanu m'kope

Timafunsa kuti pakupweteka pati, ndipo zinayamba liti. Yankho n'lomwe lija: "Paliponse, adokotala, kuyambira kalekale." Munthu walawirira kuchokera ku Bangwe kapena ku Chirimba, wakhala pamzere ku chipatala cha Gulupu mpaka dzuwa lafika paliwombo, ndiye mphindi zochepa zomwe wapeza zikuthera pa mawu amenewa. Ululu umene wapitirira miyezi 3 simungaufotokoze ndi pamtima. Mumangokumbukira tsiku lomwe unakuvutitsani kwambiri, masiku ena onse aiwalika.

Gulani kope la ana asukulu, musalembe m'buku la kuchipatala. Muzilemba podzuka, masana ndi pogona, mzere umodzi basi, kwa masabata awiri musanabwere. Yambani ndi nambala: 0 ndiye kuti palibe ululu, 10 ndi ululu woti simungathe n'kulankhula komwe. Chonde musamalembe 10 tsiku ndi tsiku kuti tikumvereni chisoni. Ngati mwachapa, mwaphika, mwakwera minibasi ya ku Limbe, imeneyo si 10, ndipo kope lodzaza ndi ma 10 silitiuza ngati mankhwala akugwira.

Kenako lembani malo, poti mungaloze ndi chala, komanso kapwetekedwe kake: kubaya, kukoka, dzanzi, kapena kuyendayenda ngati nyerere. Apa ndi pamene pagona nkhani. Mapazi otentha usiku ngati mwaponda makala kawirikawiri ndi mitsempha, ndipo timaganizira shuga, HIV kapena isoniazid wa m'mankhwala a TB. Brufen sathandiza pamenepo, ngakhale mumwe wochuluka bwanji. Zala zouma m'mawa kwa ola lathunthu zimaloza matenda ena, bondo lopweteka mukatsika mtunda wa ku Ndirande mutasenza ndowa ya malita 20 limalozanso ena. Choncho lembani zomwe munkachita, ndiponso ngati ululuwo wakudzutsani usiku.

Mankhwala musabise. Lembani dzina, kuchuluka, nthawi, ndi nambala ya ululu pakatha ola limodzi. Onse, ngakhale ogula kwa mavenda, ngakhale a zitsamba a m'botolo aja. Chomwe chimandiwawa ndi mayi wodwala msana amene amamwa Brufen m'mawa, Indocid masana, diclofenac usiku, poganiza kuti ndi mankhwala atatu osiyana, pomwe ndi a banja limodzi. Amamwa osadya, kwa miyezi, osauza aliyense. Amadzafika akusanza magazi, chimbudzi chili chakuda bii, impso zitayamba kale kulefuka. Akanalemba mizere itatu yokha, wina akanaona n'kuwaletsa. Panado nayenso ali ndi malire: wamkulu asapyole mapilitsi 8 a 500 mg pa maola 24.

Koma pali zina zosadikira kuti kope lidzaze. Msana ukamapweteka limodzi ndi thukuta la usiku komanso kuonda, ikhoza kukhala TB ya msana. Miyendo ikayamba kufooka, mkodzo ukamakana kutuluka kapena ukamangotuluka wokha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ambiri amayamba apita kukatemera mphini, ena kukagula mankhwala "ochapa magazi", n'kubwera pakatha miyezi atanyamulidwa ndi abale, mtsempha wa pamsana utapanikizika kale. Mphini sizifika pa fupa.

Ngati kulemba kumakuvutani, mwana kapena mdzukulu alembe, koma nambala muzitchula ndinu.