PDF ikakana kutseguka kapena ikasowa mutaidawuniloda, vuto limakhala pati?

Mwadina linki ya PDF, kaya ndi fomu yofunsira ntchito, sitetimenti ya kubanki kapena mapepala a mayeso akale. Lero yatseguka mu browser (pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, monga Chrome) momwemo, mawa yangogwera mu foda ya Downloads osakufunsani, mkuja sikirini yangotuwa popanda cholembedwa chilichonse. Ambiri zikatere amathamangira kuchotsa Chrome n'kuiikanso, ena amati kompyuta yalowa vayirasi. Kawirikawiri si zimenezo. Zochitika pa PDF zimagamulidwa ndi zinthu zitatu: seva (kompyuta yosunga webusaiti) imene ikutumiza fayiloyo, browser imene ikuilandira, ndi kompyuta kapena foni imene ikuisunga. Mukadziwa kuti mwa zitatuzi chalakwitsa ndi chiti, ntchito yatha theka.

Kale, browser inkadalira kapulogalamu ka Adobe kolowetsedwa m'kati mwake kuti ionetse PDF. Njira imeneyo inatha: Chrome inasiya kulandira timapulogalamu ta mtundu umenewo mu 2015, Firefox mu 2017. Masiku ano browser iliyonse ili ndi choŵerengera chakechake. Chrome imagwiritsa ntchito PDFium, Firefox ili ndi PDF.js chiyambire 2013, Safari nayo ili ndi chake. N'chifukwa chake fayilo imodzimodziyo imatha kuoneka bwino mu Firefox koma n'kusokonekera mu Chrome, ndipo n'chifukwa chakenso kuika Adobe Acrobat Reader pa kompyuta sikusintha mmene PDF ikuonekera m'kati mwa browser.

Zimene seva imanena

Seva ikamatumiza fayilo imatsogoza timizere tingapo tofotokoza chimene chikubwera, timene inu simutiona. Awiri mwa mizereyi ndiwo ofunika pano. Woyamba ndi Content-Type. Ukanena kuti application/pdf, browser imadziwa kuti ndi PDF ndipo imaitsegula. Ukanena kuti application/octet-stream, ndiye kuti seva yangoti "nachi chinthu, sindikuuzani kuti n'chiyani", ndipo browser nthawi zambiri imangochisunga. Wachiwiri ndi Content-Disposition. Mawu akuti inline amatanthauza kuti ionetsedwe pomwepo, pamene attachment amalamula kuti idawunilodedwe.

Ndiye ngati ma PDF a mawebusaiti ena onse akutseguka bwinobwino koma a webusaiti imodzi yokha amangodawunilodeka, musavutike ndi Settings. Mwini webusaitiyo ndiye anakonza choncho, mwadala kapena mosadziwa. Wofuna kutsimikiza adine F12 pa kompyuta, asankhe Network, adinenso linki ija, kenako adine dzina la fayilo pa mndandanda umene watuluka n'kuyang'ana pa Headers. Mizere iwiri ija ili pamenepo.

Zimene browser yanu inauzidwa

Koma ngati PDF iliyonse, yochokera kulikonse, ikuchita zofanana, vuto lili kwanu. Mu Chrome lembani chrome://settings/content/pdfDocuments pamene mumalemba adiresi ya webusaiti. Mupeza zosankha ziwiri, Download PDFs ndi Open PDFs in Chrome. Mu Edge adiresi yake ndi edge://settings/content/pdfDocuments, ndipo pali kabatani ka Always download PDF files. Kakayatsidwa, PDF imadawunilodeka m'malo motseguka, kupatula ngati Edge ndiyo pulogalamu imene kompyuta yanu imatsegulira ma PDF. Mu Firefox pitani ku Settings, General, tsikani mpaka pa Applications, pezani mzere wa Portable Document Format. Pamenepo mungasankhe Open in Firefox, Save File, Always ask, kapena pulogalamu ina ya pa kompyuta yanu.

Firefox ili ndi khalidwe lina limene limadabwitsa anthu. Kuyambira pa Firefox 98, ya mu Malichi 2022, fayilo imene seva yaitumiza ngati attachment imasungidwa mu Downloads ngakhale inu mumangofuna kuisuzumira. Kale inkapita ku foda ya zinthu zosakhalitsa n'kufufutika yokha. Zotsatira zake, foda ya Downloads imadzaza ndi makope a fayilo imodzi, lililonse ndi nambala yake kumapeto kwa dzina. Si kuwonongeka, anaipanga choncho. Chizindikiro chake n'chakuti adiresi ya pamwamba imayamba ndi file:/// m'malo mwa https://, kusonyeza kuti mukuŵerenga kope limene lili kale pa kompyuta yanu.

Pali akapsala enanso awiri. Woyamba ndi ma extension, timapulogalamu toonjezera pa browser, makamaka ya Adobe Acrobat, imene imalanda ntchito ya choŵerengera cha Chrome kapena Edge. Wachiwiri ndi mapulogalamu ofulumizitsa kudawuniloda monga Internet Download Manager, amene amatchera linki iliyonse yothera ndi .pdf browser isanaione. Kuyesa kwake n'kwachidule: dinani Ctrl+Shift+N mu Chrome kapena Edge kuti mutsegule windo ya chinsinsi, mmene ma extension sagwira ntchito pokhapokha munawaloleza, n'kutsegula linki yomweyo. Ikatseguka bwino, zimitsani ma extension imodziimodzi mpaka mupeze yolakwayo. Sikirini ikamangoda kapena kutuwa ngakhale mu windo imeneyo, zimitsani hardware acceleration, imene Chrome yatsopano imaitcha graphics acceleration, pansi pa System mu Settings, kenako tsekani browser n'kuitsegulanso.

Fayilo yatsika koma ikuti ndi yowonongeka

Apa ndi pamene pamafunika kudekha, chifukwa uthenga wakuti Failed to load PDF document, kapena wa Adobe wonena kuti fayilo ndi damaged, umabisa mavuto osiyanasiyana.

Yambani ndi kukula kwa fayilo. Buku la masamba 200 lokhala ndi zithunzi silingakhale 6 KB. Ikakhala yaing'ono chonchi, idineni ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Open with, muitsegule ndi Notepad. Musaope zilembo zosamveka zimene zidzaze sikirini, inu yang'anani mzere woyamba wokha. PDF yeniyeni imayamba ndi %PDF- kutsatizana ndi nambala monga 1.4 kapena 1.7. Mukaona <!DOCTYPE html kapena <html, chimene mwasunga si PDF ayi, ndi tsamba la webusaiti lovala dzina la PDF. Limakhala tsamba lokufunsani pasiwedi chifukwa nthawi yanu pa webusaitiyo inatha, kapena lonena kuti fayilo kulibe, kapena la Wi-Fi ya pahotela kapena pasukulu lofuna kuti muyambe mwalowa. Izi zimachitika kwambiri munthu akadina linki ndi batani lakumanja n'kusankha Save link as, pamene linkiyo ikuloza ku tsamba loonetsera fayilo, monga la Google Drive, osati ku fayilo yeniyeniyo. Mankhwala ake ndi kutsegula tsambalo, kulowa ngati pakufunika kutero, n'kudina batani la Download la pa tsambalo.

Ngati mzere woyamba uli bwino, tsikani kumapeto. PDF yathunthu imathera ndi %%EOF. Chapafupi ndi pamenepo pamakhala mndandanda wouza choŵerengera kumene tsamba lililonse ndi chithunzi chilichonse chili m'kati mwa fayilo. Popeza mndandandawu umakhala kumchira, fayilo imene yaduka panjira, ngakhale itatsala pang'ono kutha, imatha kukana kutseguka yonse. Netiweki ikamadukaduka, kapena bandulo ikatha pakati, izi ndi zimene zimachitika. Ŵerengerani nokha: fayilo ya 20 MB pa liwiro la 1 Mbps imafuna masekondi 160, pafupifupi mphindi zitatu zosadukiza. Fayilo yosamaliza imadziwikanso ndi dzina: Chrome ndi Edge zimaika .crdownload kumapeto, Firefox imaika .part. Kufufuta mawu amenewa pa dzina sikubweretsa mbali imene yasowa. Dinani Ctrl+J kuti muone mndandanda wa zodawuniloda, ndipo ngati pali Resume dinani pamenepo. Zimatheka pokhapokha seva ikamalola kutumiza fayilo m'zidutswa. Ikakana, palibe kuchitira mwina koma kuyambiranso.

Chinthu china chimene chimapusitsa anthu: ma PDF ena anakonzedwa kuti tsamba loyamba lioneke msanga pamene otsalawo akadali m'njira. Kuona tsamba loyamba si umboni wakuti fayilo yonse yafika. Dikirani kamzere koyenda pamwamba kathe musanasunge kapena kuzimitsa data.

Nthawi zina fayilo imakhala yabwinobwino koma dzina ndilo lolakwika, monga download lopanda mchira uliwonse wonga .pdf, kapena view.php, kapena lothera ndi .aspx. Notepad ikaonetsa %PDF- pa mzere woyamba, ingosinthani dzinalo lithere ndi .pdf. Windows imabisa michira ya maina, choncho yambani mwaiyatsa: mu File Explorer ya Windows 11 dinani View, Show, File name extensions. Ndi bwino kuisiya yoyatsa mpaka kalekale, chifukwa ndi mmene mungagwirire fayilo ya chinyengo yotchedwa invoice.pdf.exe, imene si chikalata koma pulogalamu. Imeneyo musaitsegule n'komwe.

Kusunga ndi kupulinta si chinthu chimodzi

PDF ikatseguka mu browser, isungeni ndi kachizindikiro ka muvi woloza pansi kapena Ctrl+S. Mukatero mwatenga fayilo yeniyeni monga inachokera. Anthu ambiri anazolowera Ctrl+P n'kusankha Save as PDF kapena Microsoft Print to PDF. Imeneyo ndi fayilo yatsopano yojambulidwa kuchokera pa yoyambayo. Mabokosi olembamo a fomu amauma osalembekanso, mndandanda wa mitu wa m'mbali umatha kusowa, ndipo siginecha ya digito, imene imatsimikiza kuti chikalata sichinasinthidwe, imatayika. Pa satifiketi kapena sitetimenti imene mukukapereka ku ofesi, kusiyana kumeneku kungachititse kuti chikalata chibwezedwe.

Mukalemba fomu m'kati mwa Chrome n'kudina muvi uja, imakufunsani ngati mukufuna With your changes kapena Without your changes. Wosankha chachiwiri amatumiza fomu yopanda kanthu akuganiza kuti wamaliza. Tsegulani kope limene mwasungalo muone ngati zolemba zanu zilimo musanatseke tsamba la mu browser, pakuti mukalitseka zimene munalemba zapita.

Mafomu ena satseguka n'komwe mu Chrome kapena Edge. M'malo mwake mumaona tsamba limodzi loyamba ndi mawu akuti Please wait, lonena kuti choŵerengera chanu mwina sichingathe kuonetsa chikalata cha mtundu umenewu. Mungadikire mpaka dzuwa kulowa, palibe chidzasinthe. Amenewa ndi mafomu a XFA, njira ya Adobe imene browser zambiri siziidziwa. Odziwika kwambiri ndi a boma la Canada, monga IMM 5257 yofunsira visa ya alendo, imene aliyense wofuna kukacheza kumeneko angakumane nayo. Firefox inayamba kuonetsa mafomu otere pa Firefox 93 mu 2021, komabe pa fomu yokhala ndi batani la Validate lotulutsa mabarcode, njira yodalirika ndi iyi: idawunilodeni, tsegulani Adobe Acrobat Reader ya pa kompyuta, dinani File kenako Open, musankhe fayiloyo. Pa foni musataye nthawi.

Kompyuta ndi foni

Fayilo ikafika pa kompyuta, browser ilibenso ulamuliro pa iyo. Mukaidina kawiri n'kutseguka mu Edge pamene inu mumafuna Adobe, ndi Windows imene yasankha. Dinani fayilo ndi batani lakumanja, Open with, Choose another app, sankhani pulogalamu yanu n'kudina Always. Ngati vuto lanu ndi kusadziwa kumene mafayilo akupita, yatsani Ask where to save each file before downloading pa chrome://settings/downloads.

Pa foni ya Android, PDF imapita mu foda ya Download, imene mungaipeze ndi Files kapena My Files pa mafoni a Samsung. Foni ikanena kuti singathe kutsegula fayilo, kawirikawiri ilibe pulogalamu yoŵerengera PDF. Google Drive kapena Adobe Acrobat Reader ikwanira. Malo akatha m'foni, kudawuniloda kumalephera popanda kufotokoza bwino chifukwa chake, choncho yang'anani Storage. Pa iPhone, Safari imaonetsa PDF koma siisunga yokha: dinani Share kenako Save to Files. Zodawuniloda zimapita ku iCloud Drive pokhapokha mutasintha pa Downloads mu Settings za Safari n'kusankha On My iPhone.

Linki imene mwaidina muli mu Facebook imatseguka mu kabrowser ka m'kati mwa pulogalamuyo, kamene nthawi zambiri sikatha bwino kudawuniloda. Dinani timadontho titatu ta pakona musankhe kutsegula mu browser yeniyeni. Kumbukiraninso mtundu wa bandulo imene mwagula. Ya WhatsApp kapena Facebook yokha imakulolani kulandira PDF imene mnzanu waitumiza ngati fayilo m'kati mwa WhatsApp, koma linki yopita ku webusaiti ina imafuna bandulo ya intaneti yonse.

Pomaliza pali maadiresi amene sagawika. Ngati PDF yatseguka ndipo adiresi ya pamwamba ikuyamba ndi blob:, fayiloyo ili m'chikumbumtima cha browser yanu yokha pa nthawi imeneyo. Mukatumizira wina adiresi imeneyo, kapena mukaisunga kuti mudzaitsegule mawa, simudzapeza kanthu. Chimodzimodzi maadiresi ataliatali okhala ndi mawu ngati Expires kapena token m'kati mwake, amene mabanki ndi mawebusaiti olowa ndi pasiwedi amakonda: amafa pakapita mphindi kapena maola. Zikatere dinani muvi wodawunilodera tsamba likadali lotsegula, muone kukula kwa fayilo mu Downloads, ndipo mnzanuyo mumutumizire fayiloyo m'malo mwa linki.