Jombo za malemu musazidule mothamanga, musazisungenso mupulasitiki

Ndatopa nako kulandira jombo zodulidwa kale. Munthu akufuna mtanda wachikopa wopachika pakhoma, wagwira sizasi, wadula pomwe diso lamuuza, ndiye akubwera kwa mmisiri kuti akonze. Tikonza chiyani? Chikopa si tsitsi loti chimeranso. Ndipo jombo zopangira mtanda kawirikawiri zimakhala za bambo kapena mwamuna amene anatisiya, moti mukaziwononga palibe kokagula zina.

Jombo timaiphwasula m'misoko, sitiidula. Masulani ulusi pang'onopang'ono, chotsani kansalu kapena kachikopa kam'kati, gawo la kumwendo ligone lathyathyathya. Kumeneko ndiye kuli chikopa chabwino. Chakuphazi chinapindikapindika poyenda ndipo chinamwa mchere wa thukuta, sichigona bwino pathabwa la mtanda lomwe timamatapo chikopa. Jambulani mtandawo papepala, muliyendetse pachikopapo mpaka maluwa osokedwa pajombopo agwere pomwe mukufuna, kenako ndiye mugwire lumo.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuchedwa. Mayi wina anabwera ndi jombo za malemu amuna awo, atazimanga m'thumba lapulasitiki kwa zaka, poti mtima sunkawalola kuziona. Ndinawamvetsa, chisoni sichiuzidwa tsiku lothera. Koma chikopa chimafuna mpweya. M'thumbamo munali chinyontho, nguwi inalowa mpaka m'kati, ndipo nditangopinda pang'ono chikopacho chinang'aluka. Asanafike kwa ine anadzera kwa wina wodzitcha mmisiri, amene anazinyika m'mafuta ophikira n'kuziyanika padzuwa, ati zifewe. Mafuta otere amasasa n'kununkha, dzuwa limaumitsa chikopa, ndipo pachikopa chonona guluu sagwira. Tinangopulumutsa kachidutswa kochepa ka pakati pa mtanda. Mayiwo anathokoza, koma ine mpaka lero sindikhutira, chifukwa akanabwera chaka choyamba mtanda wonse ukanatuluka m'jombo imodzi.

Ngati simunakonzeke kuzidula, palibe vuto, musadzikakamize. Ingozipukutani, muikemo mapepala kuti zisafwaphe, muzisunge m'thumba lansalu pouma, kutali ndi moto. Mukaona nguwi yoyera, pukutani panja ndi kansalu konyowa ndi spiriti wosakaniza ndi madzi, muyambe mwayesa pobisika, ziumire pamthunzi. Musadikire mwezi wamawa.

Chenjerani ndi aliyense amene akutulutsa Super Glue. Imauma gwa, imasiya zoyera m'mphepete, ndipo chikopa chimathyokera pomwepo. Timagwiritsa ntchito guluu wa nsapato, wopaka mbali zonse ziwiri, pachikopa ndi pathabwa. Mudikire mphindi 10 kapena 15 mpaka asiye kumata chala, kenako mukanikize kuyambira pakati. Akagwira wagwira, ndiye muyezeretu. Mafuta osamalira chikopa amabwera pomaliza, mutamata kale.

Misomali nayonso ili ndi nkhani. Chikopa chofufutidwa ndi makungwa a mitengo chikakhudzana ndi chitsulo pachinyontho chimachita madontho akuda osachoka, choncho gwiritsani ntchito timisomali tamkuwa. Chofufutidwa ndi mankhwala otchedwa chrome, chomwe ndi chofala m'nsapato zambiri masiku ano, mudzachidziwa mukaona podulapo: nthawi zambiri m'kati mumaoneka motuwa mobiriwirako. Chimenechi m'mphepete mwake simusalala mukamakhula, ndi bwino kusenga m'mphepetemo kuti mupyapyale n'kupindira kuseri kwa thabwa.

Ndipo musanalipire aliyense, mufunseni ngati jombozo zilidi zachikopa. Wodziwa ntchito amatembenuza n'kuona kuseri. Akapeza nsalu yolukidwa yomatiridwa ku pulasitiki akuuzani chilungamo kuti pamwambapo padzasupuka. Amene angolandira jombo zanu osaziyang'ana kuseri, osazinunkhiza, osazipinda, mulandeni mubwerere nazo.