Roketi yoyamba: kuimanga, kuiulutsa ndi kuitsitsa isanawonongeke

Bokosi la roketi yaing'ono yodzimangira ya ongoyamba kumene, monga Alpha ya kampani ya Estes, silikhala ndi zambiri. Mumapezamo chubu cha pepala lolimba chomwe ndi thunthu, mphuno yapulasitiki, zipsepse zitatu za thabwa lopepuka la balsa, kachubu kokhalamo injini ndi ngowe yake yachitsulo, mphete zapepala, lamba wa labala, parashuti ya masentimita 30, ndi kapaipi kakang'ono kolowa pa ndodo youlutsira. Injini, ndodoyo ndi kabokosi koyatsira nthawi zambiri zimagulidwa padera. Inu muwonjezere guluu wa matabwa, sandipepa wosakhakhala kwambiri, mpeni wakuthwa, pensulo ndi lula.

Yambani ndi chogwirira injini. Mphete yomatidwa mkati mwa kachubu chakutsogolo ndiyo imaletsa injini kuthamangira m'thunthu ikayaka, pomwe ngowe imaigwira kumbuyo kuti isafwamphuke. Polowetsa chogwiriracho m'thunthu, pakani guluu mkati ndipo mukankhe kamodzi osaima. Guluu amagwira pepala msanga, ndiye mukangoima pakati chimakanirira pomwepo.

Pa zipsepse ndi pofunika kudekha. Ziunjikeni pamodzi n'kuzipala ndi sandipepa kuti zifanane. Mitsempha ya thabwa iyende motsata m'mphepete mwakutsogolo mwa chipsepse. Ambiri amamata mbali yolakwika ku thunthu, mitsempha n'kumayenda motsata thunthulo, ndipo chipsepse chotere chimathyoka roketi ikangotera. Mizere yomatapo ijambuleni mowongoka, mutatsamiritsa chubu pa felemu ya chitseko. Pakani guluu pang'ono, mumusiye aume mphindi zingapo, mupakenso, kenako mumate. Chitani chipsepse chimodzi chimodzi, mukuyang'ana kuchokera kumbuyo ngati zatalikirana mofanana, madigiri 120. Zikauma, yendetsani chala chokhala ndi guluu m'ngodya momwe chipsepse chakumana ndi thunthu, mbali zonse ziwiri, chifukwa mphamvu yeniyeni ya cholumikizacho ili pamenepo. Chipsepse chopendekeka pang'ono chimazunguliritsa roketi, chopendekeka kwambiri chimaikhotetsa njira.

Kapaipi ka ndodo kamatidwe mowongoka pakati pa zipsepse ziwiri. Lamba wa labala, amene amalumikiza mphuno ndi thunthu, amamatidwa mkati mwa thunthu ndi kapepala kopinda katatu, masentimita 3 kapena 4 kuchokera kukamwa, kuti asatsekereze mphuno. Mphunoyo isagwe mukazondotsa roketi, komanso isavute kuzula ndi zala ziwiri. Ikakhwepa, kulungani tepi pakhosi pake, ikathina ipaleni. Penti akhale wowala ndi wopyapyala. Wochuluka kumchira amangolemeretsa mbali yosafunika.

Roketi imawongoka ngati muvi: kulemera kutsogolo, zogwira mpweya kumbuyo. Malo amene roketi imakhazikika mukaiika pachala ayenera kukhala kutsogolo kwa malo amene mpweya umaikankha, motalikirana ngati kukula kwa m'mimba mwa thunthu kamodzi kapena kawiri. Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani injini yatsopano ndi parashuti, mangani chingwe cha mamita awiri pamalo okhazikikawo, muizunguze pamwamba pa mutu. Mphuno ikamatsogola, zili bwino. Ikamagubuduzika, kanikizirani dongo loumbira pang'ono mkati mwa mphuno, muyesenso.

Injini ndi kachubu ka pepala lochindikala, mamilimita 18 m'mimba ndi 70 m'litali, kodzaza wonga wotsenderedwa, kokhala ndi kabowo kadongo kumbuyo. Imagwira ntchito kamodzi basi. Injini zopangiratuzi anaziyambitsa Orville Carlisle, wogulitsa nsapato wa ku Nebraska ku America, m'zaka za m'ma 1950. G. Harry Stine anazilimbikitsa, nakhazikitsa bungwe la National Association of Rocketry mu 1957, nthawi imene achinyamata ankavulala posakaniza okha mankhwala. Choncho musapange yanu, musaiboole, musaidzazenso. Yomwe yagwa pa simenti kapena yakhala m'galimoto yotentha itayeni, chifukwa wonga ukang'aluka umayaka wonse nthawi imodzi n'kuphulitsa thunthu.

Pa injini pamalembedwa A8-3, B6-4 kapena C6-5. Chilembo chimanena mphamvu yonse: A imafika 2.5 newton-sekondi, B imafika 5, C imafika 10, chilichonse kuwirikiza chinzake. Nambala yotsatira ndi kukankha kwapakatikati. Yomaliza ndi masekondi amene injini imafuka utsi itatha kukankha, isanaphulitse kawonga kotulutsa parashuti. Nambala imeneyi si yoseweretsa. Ikachepa, parashuti imatseguka roketi ikadali pa liwiro, zingwe n'kuduka kapena lamba kung'amba thunthu. Ikachuluka, roketi imakhala yayamba kale kugwa chamutu. Injini yothera ndi 0 ndi ya maroketi a magawo awiri, siyoyenera pano. Tsatirani mndandanda wolembedwa pabokosi, ndipo ulendo woyamba ukhale wa A8-3. Anthu amathamangira C6-5, yomwe imatha kufikitsa Alpha mamita pafupifupi 300, kenako amangoonerera parashuti ikupita ndi mphepo.

Malamulo a bungwe lija amati bwalo likhale mamita 30 mbali iliyonse pa injini ya A, 60 pa B, 120 pa C. Pasakhale udzu wouma, ndipo mphepo isapitirire makilomita 32 pa ola. Kwa woyamba, ngakhale theka la mphepo imeneyo ndi yambiri. Roketi yokhazikika bwino imapendekera komwe mphepo ikuchokera pokwera, potsika n'kutengedwa komwe ikupita. Malamulo aboma okhudza injini ndi kuulutsa amasiyana dziko ndi dziko, ndiye fufuzani a kwanu musanagule.

Musanaike parashuti, lowetsani m'thunthu mapepala atatu kapena anayi osagwira moto opangidwira ntchitoyi, mutawafwanya momasuka. Ndiwo amatchinga mpweya wotentha kuti usasungunule parashuti. Pepala lakuchimbudzi kapena thonje siziloledwa, zimagwa zikuyaka. Parashuti muiwaze paudala kuti isamatane, muipinde mopepuka, zingwe muzikulunge kamodzi kapena kawiri. Izilowa yokha osachita kuitsendera. Yotsenderedwa siituluka, ndipo yosiyidwa yopinda kwa masabata imatuluka koma osatambasuka.

Choyatsira ndi kawaya kopyapyala kotenthedwa ndi magetsi. Kalowetseni m'kabowo mpaka kakhudze wonga, mutseke ndi kachitsekerero kapulasitiki, mupatule miyendo yake. Tsetserezani roketi pa ndodo ya mamilimita 3, yotalika pafupifupi mita imodzi, yoimirira chilili kapena yopendekeka osapitirira madigiri 30. Tizopanira tiwiri ta waya wochokera ku kabokosi koyatsira mutipanitse pa miyendo ya choyatsira, koma tisakhudzane, tisakhudzenso mbale yachitsulo yotchinga moto ya pansi pa ndodo. Kiyi wa kabokosi akhale m'manja mwanu nthawi yonseyi.

Aliyense aime mamita 5 kapena kuposa. Yang'anani kumwamba ngati kulibe ndege, lowetsani kiyi, werengani mokweza kuchokera 5 kutsika, mudinize batani osachotsa chala mpaka injini itayaka. Ikapanda kuyaka, chotsani kiyi ndi kudikira masekondi 60 musanayandikire. Kawirikawiri vuto limakhala mabatire ofooka, tizopanira todetsedwa ndi mwaye, kapena kawaya kamene kanapsa kasanakhudze wonga.

Roketi ikakodwa pa waya wamagetsi kapena pamtengo wautali, isiyeni. Ikatera bwino, dikirani injini izizire musanaizule, kenako onani ngati lamba wawauka, zingwe za parashuti zamatuka kapena guluu wa zipsepse wang'aluka. Lamba wa labala amafooka ndi kutentha, ndiye mukokeni mwamphamvu musanaikemo injini ina.